Msana wa Perrine

Chombo chotchedwa Perrine tinachimangira nsomba, osati nkhondo. Munali m'chaka cha 1791 ku Saint-Servan, m'dziko la France, ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, akuluakulu a pabwalo lomangira zombo atangoyamba kumene kundikhulupirira. Mwini wake, wamalonda wina wa ku Saint-Malo, anachipatsa dzina la mkazi wake, ndipo ankafuna kuti chizipita ku Terre-Neuve chaka ndi chaka kukatuta nsomba zothira mchere. Mtengo wa msana wake, mtengo waukulu wa pansi umene nthiti zonse za chombo zimakhazikikapo, ndinakausankha ndekha kunkhalango. Unali wa thundu, wowongoka, wopanda mfundo, ndipo ng'ombe khumi ndi ziwiri zinaukoka masiku atatu kuti ufike kugombe. Dzina langa ndine Goulven Kerbrat. Ndine kalipentala wa zombo, ntchito ina sindinaidziwepo.

Ku nsombako chinangopita kawiri. Mu 1793 nkhondo ndi Angerezi inabuka, mwini wake n'kukatenga kalata ya boma yomulola kugwira zombo za adani. Ndi kalata imeneyo, ukagwira chombo unkabwera nacho kudoko, oweruza n'kuona ngati chilidi cha adani, kenako chombo ndi katundu wake n'kugulitsidwa. Adani akakugwira iweyo uli ndi kalatayo, ankakutsekera ngati mkaidi wankhondo. Akakugwira ulibe, ankakupachika ngati wachifwamba. Kusiyana kwathu ndi achifwamba kunali pepala limenelo basi.

Anandituma kuti ndiboole m'mbali mwa chombo mazenera khumi ndi anayi otulukira mizinga. Ndinagwira ntchitoyo mtima ukuwawa, poti matabwa omwewo ndinali nditawalumikiza ndi manja anga kuti madzi asapeze polowera. Nditamaliza, mwini wake anati popeza waboola ndine, ndikwere nawo, kuti chikayamba kudontha ndikayankhe ndekha. Ndinalibe mkazi. Mayi anga anandipatsa majuzi awiri ndi korona yopempherera, ndipo sindinadzawaonenso.

Kaputeni wathu anali Aubin Trévily, bambo wamfupi, wamimba, amene anakulira pa nsomba ngati chombo chomwecho. Phokoso la mzinga ankadana nalo. Ankati chombo chobooka sichigulika, ndipo munthu wakufa sakoka chingwe. Chida chake chenicheni chinali bokosi la mbendera za mayiko osiyanasiyana. Tikaona thanga patali, ankakweza mbendera ya dziko losamenya nawo nkhondo, n'kuuza amalinyero kuti abisale pansi, pamwamba n'kusiya anthu asanu okha ndi zovala zoyanika pachingwe, kuti tioneke ngati amphawi osochera. Tikafika pafupi m'pamene ankakweza mbendera yathu, mazenera onse n'kutseguka nthawi imodzi. Ambiri ankangogonja osawomba n'kamodzi komwe.

Zaka zitatu tinazungulira m'nyanja ya pakati pa ife ndi Angerezi. Musaganize za golide ayi. Tinkagwira batala, malasha, zikopa zonunkha, ndipo tsiku lina tinathamangitsa chombo kuyambira m'mawa mpaka masana n'kupeza kuti chanyamula miyala yoperera. Amalinyero a zombo zina ankatitcha ogulitsa batala, n'kumati Perrine amachidziwa ndi mphuno chisanaoneke, poti fungo la nsomba linakana kuchoka m'matabwa. Akaputeni ankangoseka. Anthu awo ankabwerera kwawo ndi miyendo yonse iwiri.

Zombo zankhondo za Angerezi zitachuluka kumeneko, mwini wa Perrine anatitumiza kuno, ku chilumba chakutali chotchedwa Île de France. Munali mu 1796, ndipo ulendowo unatitengera miyezi inayi.

Madzi ofunda a kuno ali ndi nyongolotsi zodya matabwa. Titafika kudoko la Port Louis tinagoneka chombo cham'mbali kuti tione pansi pake, ndipo anatipatsa akapolo asanu ndi mmodzi omata zombo, obwereka kwa eni ake. Mmodzi mwa iwo anali Lindor, wamtali, wamsinkhu wanga, wa mphini pamphumi. Sankapupuluma. Ankayenda m'mbali mwa chombo akugogoda thabwa lililonse ndi nyundo yamtengo, khutu lili tcheru. Pa thabwa lina anaima n'kugogodanso.

"Amisiri, thabwa ili lafa."

"Iwe, limenelo ndinakhoma ndekha ku France."

"Ndiye maliro ake ndi anu. Koma lafa."

Ndinabaya thabwalo ndi mpeni kuti ndimuchititse manyazi pamaso pa anzake, mpeni n'kulowa ngati ndabaya papaya lakupsa. Anzakewo anayang'ana kumbali kuti ndisaone kuti akuseka. Madzulo a tsiku lomwelo ndinakauza akaputeni kuti tikamanyamuka munthu ameneyu tisamusiye, ndipo iwo anakapangana ndi mayi wamasiye amene anali mwini wake.

Kuchokera apo njira yathu inali ya ku Bengal. Ntchito yathu yaikulu inali kudikira. Tinkatha milungu ingapo osaona kanthu, tikudya mabisiketi a anankafumbwe ndi nyama yamchere, amalinyero akukanganirana kachasu wotchedwa araki ndi malo a mthunzi. Ine ndi Lindor tinkakhalitsa m'mimba mwa chombo, kumvetsera kumene madzi akulowera, kumata apa, kukhoma apo. Anaphunzira kutukwana m'chilankhulo cha kwathu ku Bretagne, ndipo posakhalitsa ankatukwana mwaluso kuposa ine. Nthawi zina mwayi unkagwa. Tinagwirapo nsalu, tsabola, shuga ndi mkuwa, ndipo mkuwa umenewo ndi umene tinakutira pansi pa Perrine kuti nyongolotsi zija zitileke.

Chaka china, kufupi ndi gombe la Mozambique, tinagwira chombo cha Apwitikizi, omwe nthawi imeneyo anali kumbali ya Angerezi. Munali anthu oposa mazana awiri otengedwa ukapolo. Akaputeni anandituma kukaona ngati chombocho chingafike ku Port Louis. Ndinauza Lindor kuti titsagane, iye anati m'mimba mukumupweteka. Ndinapita ndekha. Ndinamanga nsalu kumphuno, ndinayang'ana nthiti za chombo ndi mpope wake, ndinabwerako n'kunena kuti chifika. Chinafikadi, ndipo anthuwo anagulitsidwa monga tinkagulitsira tsabola. Gawo langa ndinalandira. Sindinamufunse Lindor ngati m'mimba muja mwasiya.

Nkhondo yeniyeni Perrine chinamenya kamodzi kokha, mu 1799, kufupi ndi kumene mtsinje wa Ganges umathira m'nyanja. Kunali m'mawa, chifunga chikuchoka. Tinaona chombo chooneka cholemedwa ndi katundu, akaputeni n'kuchita zamasiku onse za mbendera. Sitinadziwe kuti nachonso chikutichita chimodzimodzi. Tonse awiri tinali ndi zovala zoyanika pachingwe. Titayandikana, iwo anatsegula mazenera ochuluka kuposa athu.

Nkhondoyo sindinaione, chifukwa malo a kalipentala ndi pansi. Ndinangoimva. Chombo chinkanjenjemera, fumbi likugwa kuchokera m'matabwa a pamwamba, kenako kunamveka kuphulika kwina kosiyana ndi konse, ndipo madzi anayamba kukhuthukira kutsogolo. Chipolopolo cha mzinga chinali chitaboola pansi pa mlingo wa madzi, kuseri kwa migolo. Pomwe tinkamaliza kusuntha migoloyo, madzi anali m'chiuno, bowo silikuoneka. Lindor anamira n'kukalipapasa, n'kuvuuka akundionetsa ndi manja kukula kwake. Ndinasema chikhomo, iye n'kumira nacho, madzi n'kuchilavula. Ndinasema china, chinakananso. Pa chachitatu madzi anali atafika pachifuwa. Anamira nthawi yaitali moti ndinayamba kumufufuza ndi phazi, kenako ndinamva nyundo ikugunda pansi pa madzi, kanayi, kasanu. Atavuuka analavula madzi n'kundiuza, m'chilankhulo cha kwathu, zimene ankaganiza za kasemedwe kanga.

Pamwamba, chipolopolo chathu chinali chitathyola mlongoti wa adani. Kaputeni wina akanabwerera kukawamaliza. Athu anangotembenuza chombo n'kuthawa. Tinataya anthu khumi ndi mmodzi tsiku limenelo, ndipo akaputeni anagontha khutu limodzi.

Titafika kumtunda, akaputeni anapita kwa mayi wamasiye uja n'kukamuwombola Lindor kuti akhale mfulu. Amalinyero ankayembekezera kuti agwada pothokoza. Iye anangopempha kuti pepala la ufulu wake alembe awiri, lina asunge wansembe, chifukwa la m'thumba limanyowa. Kenako anabwerera kuntchito yake m'chombo, koma tsopano malipiro akulandira yekha.

Mtendere utabwera mu 1802, Perrine chinatsitsa mizinga n'kumanyamula ng'ombe kuchokera ku Madagascar. Ine ndinakwatira Azélie, mayi wosoka zovala wa m'tauni momwemo, ndipo za ku France ndinaziiwala. Koma mtendere sunathe ngakhale zaka ziwiri. Mizinga inakwezedwanso, tinabwereranso panyanja, ife ndi chombo tonse tikukalamba.

M'zaka zomaliza za nkhondoyo Angerezi anatseka njira zonse zolowera pachilumba. Ufa unatha, mpunga unasowa, anthu ankadya chinangwa m'mawa ndi madzulo. Zombo zathu zambiri zinali zitagwidwa. Ife tinazemba kukugwa chimvula, ndipo patatha milungu isanu tinagwira zombo ziwiri zodzaza mpunga wa ku Bengal. Akaputeni sanafune kudikira nsalu kapena tsabola. Anati tibwerere pomwepo. Tinalowera kummwera kwa chilumba, m'njira ya pakati pa matanthwe imene chombo chachikulu sichikanayesa, ndipo mpunga unakafika m'tauni pa ngolo. Pa zonse zimene Perrine chinachita, ndi chokhachi chimene ndimakamba osayang'ana pansi. Akaputeni anamwalira chaka chotsatira ndi malungo, pabedi lawo, akudandaula kuti m'nyumba mukutentha.

Kumapeto kwa 1810 Angerezi analanda chilumba, ndipo zombo zonse za m'doko zinakhala zawo. Perrine anachizula milongoti n'kuchikokera kuseri kwa doko kumene madzi sayenda, chikhale mosungira zingwe zakale. Ine ndi Lindor tinatsegula kabwalo kathu kokonzera mabwato. Njira yopita kumeneko inkadutsa pafupi ndi chombocho, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachiona utoto ukusupuka, mbalame zitamanga zisa m'mazenera a mizinga.

Mu 1816 Angerezi anachigulitsa. Anagula ndi Casimir Duvergé, mwini minda ya nzimbe wa kummwera, munthu wovala bwino, wolankhula motsitsa mawu. Anabwera yekha kubwalo kwathu Lindor atapita kukagula phula. Anati wamva kuti palibe wodziwa chombocho ngati ine, ndipo akufuna chibwerere panyanja, chizikatenga ng'ombe ku Tamatave, doko la ku Madagascar. Ndisabise, ndinasangalala ngati mwana. Tsiku lomwelo ndinakwera m'chombomo, ndinagwira nthiti zake imodziimodzi, ndinazipeza zolimba. Zofunika kusintha zinali matabwa a pamwamba, milongoti ndi chiwongolero.

M'mawa mwake Duvergé anandipatsa pepala la miyeso. Ankafuna nsanja zamatabwa m'mimba mwa chombo, mbali zonse ziwiri, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ina pamwamba pa inzake. Pakati pa nsanja ndi nsanja panali mapazi awiri ndi theka. Ndinamufunsa kuti ng'ombe zake n'zazifupi bwanji. Anamwetulira, n'kunena kuti iye amalipira kalipentala kuti akhome, osati kuti aziweta.

Ndinadziwa. Pachilumba panalibe wosadziwa. Angerezi anali ataletsa kubweretsa akapolo atsopano, koma minda ya nzimbe inkakula chaka ndi chaka, ndipo zombo zinkatsitsa anthu mobisa m'magombe a kummwera. Ndinadziuza kuti ndikakana ine, apeza kalipentala wina amene adzakhome misomali paliponse n'kuwononga chombo. Ndinadziuza kuti zimene chombo chimanyamula ndi mlandu wa mwini wake. Lindor ndinamuuza kuti ndikumanga makola a ng'ombe, ayambe wamaliza bwato la asodzi limene linali pabwalo. Ndinalemba aganyu awiri, Lolemba tinayamba.

Lachinayi masana Lindor anabwera osandiuza, nyundo yake ili m'manja, kuti adzamve matabwa a pansi. Anatsika makwerero n'kuima. Mbali imodzi tinali titamaliza nsanja ziwiri, matabwa atsopano oyera, osalala. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Aganyu aja anasiya kukhoma, ine n'kuwauza kuti akapume kunja.

Lindor anaika nyundo pansi. Anali munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu, mawondo ake ankamuvuta, koma anawerama n'kukwawira pakati pa nsanjazo, n'kugona cham'mbali, mawondo atapinda.

"Tuluka mmenemo, Lindor."

"Mwasalaza bwino, amisiri. Ife athu anali okhakhala, ankatisupula m'chiuno." Anayesa kudzutsa mutu, unagunda thabwa la pamwamba. "Koma mwawononga malo. Apa pagona anthu atatu. Wina amalowetsa mawondo kuseri kwa mawondo anga, wina kutsogolo kuno. Bweretsani choyezera, muyeze ndili momwemu, kuti a Duvergé asadzakunyozeni."

Ndinati ntchito ndi ntchito, ndipo chombo chikanangowolera pamadzi. Ali chigonere, anandiuza zimene sanandiuzepo pa zaka makumi awiri. Anati anakwezedwa ku Quelimane ali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri, pamodzi ndi mkulu wake. Anagona chonchi masiku makumi atatu ndi limodzi. Mkulu wakeyo anali kumbuyo kwake, ndipo anamwalira pa tsiku limene iye sakulidziwa, chifukwa anazindikira pokhapokha atamva kuti msana wake ukuzizidwa. Analankhula mosakweza mawu, ngati akundiuza za thabwa lofunika kusintha. Atamaliza anatuluka movutikira, anasasa utuchi pa malaya, anatola nyundo yake.

"Tsiku lija la chombo cha Apwitikizi m'mimba simunkandipweteka," anatero, n'kukwera makwerero.

Ndinapita kunyumba dzuwa likadalipo. Azélie anandiikira mpunga ndi nsomba, sindinadye. Nditamufotokozera, sanadabwe. Anati iye anadziwa kuyambira Lolemba kuti pali chimene ndikubisa, chifukwa munthu womanga makola a ng'ombe sakhala chete chonchija pa chakudya. Ndinamufunsa kuti ndichite chiyani. Anati mayi ake anabwera pachilumba pano pa chombo, ndipo funso limenelo ndisamufunse iye.

Njira yowongoka inalipo. Ndikanapita kwa akuluakulu a doko n'kukanena zimene Duvergé ankafuna. Koma iye akanati nsanjazo n'za matumba a mpunga, ndipo anzake a minda ya nzimbe ndi omwe ankadya ndi akuluakuluwo. Ndinkaopa. Ndinali ndi mkazi, ana atatu ndi kabwalo kamene kankadalira anthu omwewo. Ndinasankha njira ina, ya munthu wamantha amene amadziwa ntchito yake.

Chombo chimene chakhala nthawi yaitali chisanayende sichiloledwa kutuluka mpaka woyendera zombo wa padoko atachiona. Tsiku lake linali Loweruka. M'mawa ndinadutsira pa chibwato china chakale chimene chinkawolera m'matope, ndinakokola utuchi wake wakuda, wonyowa, n'kudzaza m'thumba la malaya. Woyenderayo anali bambo wonenepa, wodwala mwendo, amene sankakonda kutsika pansi pa zombo. Anaima pamakwerero pamodzi ndi Duvergé, n'kundiuza kuti ndiboole msana wa chombo malo atatu ndimubweretsere zotulukamo.

Ndinatsika mpaka pansi penipeni, ndinachotsa thabwa, ndinaika chobowolera pa msana. Chinalowa movutikira. Utuchi unatuluka woyera, wouma, ukununkhira thundu ngati mtengo wadulidwa dzulo. Zaka makumi awiri ndi zisanu m'madzi, unalibe banga. Ndinaboola kachiwiri ndi kachitatu, chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pang'ono utuchiwo uli m'manja. Kenako ndinauthira m'madzi a pansi pa chombo, ndinapisa dzanja m'thumba, ndinakwera.

Woyendera uja anaufikisa ndi zala, anaununkhiza, anakwinya nkhope.

"Malo onse atatu?"

"Onse atatu, bwana. Msana wawola."

Duvergé anati n'zosatheka, ineyo ndinamuuza sabata yatha kuti chombo n'cholimba. Ndinati tsiku limenelo ndinaona nthiti, msana ndinali ndisanauboole. Woyenderayo anati ngati munthu amene anamanga chombo akuti chafa, iye ndani kuti atsutse. Nthiti zimasinthika, matabwa amasinthika, koma chombo chowola msana sichikonzeka. Analemba kuti Perrine sichidzayendanso panyanja.

Duvergé anachigulitsa kwa ophwasula zombo mwezi womwewo. Ntchitoyo inatenga milungu isanu ndi umodzi, ndipo ine ndinkapita tsiku lililonse kukaima patali. Anayamba ndi mkuwa, kenako matabwa a m'mbali, mpaka nthiti zinatsala pamtunda ngati za ng'ombe yofera kutchire. Matabwa ena anagula ophika buledi, ena anakamangira khonde la sitolo ina. Lindor sanapiteko n'kamodzi komwe.

Atafika pa msana, mkulu wa ophwasulawo, nkhalamba yotchedwa Maudez imene inachokeranso ku Bretagne, anabwera kubwalo kwathu. Anakhala pa chitsa, anayatsa kaliwo wake, anafunsa za ana. Ponyamuka m'pamene ananena chimene anadzera.

"Kerbrat, msana wako wowola uja wandithyolera macheka awiri."

Sanauze akuluakulu a doko, koma anyamata ake anali ndi pakamwa. Nkhani inafika kwa Duvergé. Sakanandisumira popanda kufotokoza za nsanja zija, ndiye anangouza anzake. Kwa zaka zinayi palibe mwini chombo chachikulu amene anaponda pabwalo pathu. Tinkakhalira mabwato a asodzi, ena akutilipira ndi nsomba, Azélie akusoka mpaka maso kufiira. Sanandidandaulire, komanso sanandiyamikire.

Patangotha miyezi inayi chiphwasulireni Perrine, tinamva kuti Duvergé wagula chombo china ku chilumba cha Bourbon, kalipentala wa komweko wamukhomera zimene ankafuna, ndipo chapita kale ulendo woyamba. Ndinamuuza Lindor tikuphika phula. Mwina ndinkafuna kuti anene kuti ngakhale zili choncho ndinachita bwino. Anapitiriza kutakasa.

"Chombo chanu mwachipulumutsa, amisiri. Sichinanyamule. Koma anthu aja abwera ndithu."

Ndinati nanga ndikanatani. Anati sakudziwa, iye ndi womata zombo. Kenako anati phula lapsa, tiyeni lisanaume.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti bodza lija ndinalinena chifukwa cha ndani. Masiku ena ndimati ndinalinena chifukwa cha anthu amene akanagona pa nsanja zanga. Masiku ena ndimaona kuti Lindor ananena zoona, kuti chimene sindinathe kupirira n'chakuti zichitikire m'chombo changa, pa matabwa osalazidwa ndi ine, ndipo zikanachitikira kwina ndikanagona tulo monga ndinagonera kale. Sindinapeze yankho limodzi lokhazikika, ndipo pa msinkhu uno sindikuyembekezera kulipeza.

Tinagwira ntchito limodzi zaka zina khumi ndi zitatu. Eni zombo anayamba kubwerera pang'onopang'ono, chifukwa womata ngati Lindor padoko panalibe, ndipo munthu chombo chake chikamadontha amaiwala mkwiyo wa mnzake. Za Perrine sitinakambenso. Mawondo atamukanika, ankakhala pampando pansi pa mtengo wa bwemba, akundikalipira ine ndi ana anga aamuna kuti tikumata ngati tikupaka batala pa buledi.

Anamwalira chaka chathachi, nyengo ya mphepo. Analibe mkazi kapena mwana, ndiye zamaliro ndinayendetsa ndine, bokosi ndinakhoma ndekha. Titapita kutchalitchi, wansembe wachinyamata amene anali atangofika kumene pachilumba anatsegula buku lake n'kundifunsa dzina la malemu. Ndinati Lindor. Anati limenelo ndi dzina limene eni akapolo ankapatsa anthu, kodi analibe lake la kwawo, loti alembe pambali pake? Anandiyang'ana cholembera chili m'manja, poti anali atamva kuti ndinagwira naye ntchito zaka zoposa makumi atatu. Ndinamuuza kuti sindinamufunsepo. Analemba dzina limodzi lomwelo.